Giza, kuka, firiji kapena mababu: tiyambire pati kuti mayunitsi azikhalitsa?

Kwathu ku Chilomoni, mita ikangoyamba kulira kuti mayunitsi atsala pang'ono, mlandu unkagwera ana. "Ndani wasiya getsi la kubafa loyaka? Zulani matchaja onse pakhomapo!" Ana ankathimitsadi, koma mayunitsi osasintha kathedwe kake. Sabata ina mu Juni, chiperoni chitakuta phiri la Michiru, mayunitsi omwe ndinagula pa Mpamba Lolemba anatha Lachisanu usiku, nsima ili pamoto. M'mawa mwake ndinatenga kope ndi cholembera n'kukaima pa mita ndekha. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pa mita yolipiriratu pali kagetsi kofiira kamene kamaphethira. Kakamaphethira modekha ndiye kuti nyumba ikukoka magetsi ochepa, kakamathamanga dziwani kuti mayunitsi akupita. Ndinauza mnyamata wanga wamkulu kuti athimitse chilichonse m'nyumba, kenako aziyatsa chimodzichimodzi ine ndikuyang'ana. Anayatsa mababu onse 8, kagetsi kaja n'kumachita kuganizira kaye kasanaphethire. TV ndi dikoda, chimodzimodzi. Atayatsa ketulo kanayamba phethiphethi ngati diso logwa kachitsotso. Atakweza swichi ya giza, ketulo ikadali yoyaka, ndinamuitana kuti adzaone yekha. Anayang'ana kwa kanthawi n'kungoti, "Adadi, ndiye si ifetu."

Chimene ndinaona m'mawa umenewo ndi chimene ndiyezere njira zonse pano. Chipangizo chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa chimadya mayunitsi kuwirikiza kambirimbiri poyerekeza ndi chowunikira kapena cholira. Pambuyo pake pamabwera zoziziritsa. Kawerengedwe kake sikovuta: kumbuyo kapena kunsi kwa chipangizo kumakhala nambala yothera ndi W, ndiwo mawati ake. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 atayaka ola lathunthu. Chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chinthucho chimayaka, mugawe ndi 1,000, mwapeza mayunitsi. Ndiwerengera m'mayunitsi osati m'makwacha chifukwa mtengo umene MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, imavomereza kuti ESCOM izilipiritsa umasinthasintha, pomwe yunitsi imakhala yomweyo.

Mababu: otchipa kusintha, koma phindu lake lili ndi malire

Sikuti mababu alibe kanthu ayi. Babu lakale lija la kawaya m'kati, la mawati 60, likamayaka maola 5 usiku uliwonse limatha mayunitsi 9 pa mwezi. La LED lowala mofanana, la mawati 9, silifika ngakhale yunitsi imodzi ndi theka. Pomwe kusinthaku kumaoneka msanga ndi pa getsi la panja, lija limachezera usiku wonse poopa akuba. La mawati 100 kwa maola 12 ndi mayunitsi 36 pa mwezi, pomwe la LED la mawati 12 limangopitirira pang'ono mayunitsi 4. Ngati ndalama ilipo ya babu limodzi lokha, yambani ndi la pakhonde. Mababu opiringizika aja tinkati ma energy saver ali pakatikati. LED inawaposa kale, komanso m'kati mwake muli mercury, choncho akapsa musawataye pomwe ana amasewera.

Ndinagulapo mababu 4 otsika mtengo pa shopu ina mu Limbe, pa katoni atalemba kuti akhala zaka ndi zaka. Awiri anayamba kuphethira mwezi usanathe. Gulani pomwe amakuyeserani babu mukuona, n'kukupatsani lisiti. Mukasintha onse, nkhani ya kuunikira yatha, palibenso zambiri zoti mufinye pamenepo.

Madzi osamba

Apa ndiye pagona nkhani kwa aliyense amene ali ndi giza. Ya malita 150 nthawi zambiri imakhala ndi elementi ya mawati 3,000. Kuti itenthetse madzi odzadza thanki kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 imafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo imayaka kupitirira maola awiri. Ngakhale pasapezeke wotsegula mpopi, kutentha kumatulukabe m'mbali mwa thanki ndi m'mapaipi, giza n'kumadziyatsa yokha kubwezeretsa. Mayunitsi awiri pa tsiku akhoza kupita choncho, wosamba palibe.

Tiyerekeze ndi ndowa. Mukawiritsa malita 5 mu ketulo n'kusakaniza ndi malita 15 ozizira, mumapeza malita 20 ofunda bwino, okwanira munthu wamkulu kusamba mpaka kuyera. Mwatha theka la yunitsi. Banja la anthu 5 ndi mayunitsi awiri ndi theka pa tsiku, 75 pa mwezi. Banja lomwelo aliyense akamaima pa shawa mphindi 8, madzi ofunda omwe amadutsa ndi malita 60 kapena 70 pa munthu, ndipo mukaphatikiza ndi kutentha kotayika kuja simuchedwa kuyandikira mayunitsi 300 pa mwezi. Kusiyana kumeneku palibe babu lingakubwezereni.

Pali mkangano wakale wakuti kodi giza izikhala yoyaka kapena tizizimitsa. Ena amati ukaizimitsa imadzadya zambiri poyambiranso. Si zoona: madzi akazizirako, giza imangobwezeretsa kutentha komwe kwatayika, ndipo thanki yofunda imataya kutentha pang'ono kusiyana ndi yotentha kwambiri. Komatu ndinene chilungamo, kuzimitsa kokhako sikupulumutsa zambiri ngati anthu akupitirizabe kutsanula madzi otentha monga kale. Chomwe chimadula mayunitsi ndi kuchuluka kwa madzi otentha amene akutuluka pa mpopi. Ubwino woyatsa giza ola limodzi ndi theka m'bandakucha n'kuizimitsa ndi wakuti madzi otentha amakhala ndi malire, aliyense amadziwa kuti akachedwa kubafa mnzake asamba ozizira. Amene amaiwalaiwala aikitse timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi yoikika, pa bolodi, wamagetsi wodziwa ntchito amaika tsiku limodzi. Auzeninso aone thermostat, kachipangizo koikira mlingo wa kutentha kwa madzi. Magiza ambiri amabwera atakwezedwa mopitirira, pomwe madigiri 60 ndi okwana. Musatsitse kwambiri kuposa apo, chifukwa madzi ongofunda akakhalitsa mu thanki amaswa tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo. Kukutira thanki ndi mapaipi otuluka ndi chofunda chake n'kotchipa, ndipo mu Juni ndi Julayi kumathandiza kwambiri popeza mu siling'i mumazizira.

Chinthu china cha kuno kwathu: madzi akasiya kutuluka, thamangirani swichi ya giza. Elementi ikayaka mu thanki youma imapsa.

Kaelementi koviika mu ndowa kaja amagulitsa pamsika kamadya mofanana ndi ketulo, koma sindikakonda ngakhale pang'ono. Mwana akapisa chala kuti amve ngati madzi afunda kali koyaka, mukhoza kulira maliro chifukwa cha theka la yunitsi. Ketulo imagwira ntchito yomweyo ndipo imadzizimitsa yokha.

Nanga giza ya sola? Kwa mwini nyumba amene sakuganiza zosamuka, imeneyi ndi njira yomwe imachotseratu mbali yaikulu ya bilu. Dzuwa la kuno kuyambira Ogasiti mpaka Novembala limatenthetsa madzi mpaka kuwotcha. Vuto lake ndi lakuti masiku amene umafunitsitsa madzi otentha, a chiperoni aja, ndi omwe dzuwa limabisala. Sankhani yokhala ndi elementi yothandizira, koma ikhale ndi swichi yakeyake yoti muziyatsa nokha kukachita mitambo. Ikangosiyidwa yoyaka, imatenthetsa madzi usiku ndi magetsi a ESCOM, dzuwa n'kudzapeza ntchito yatha kale. Pa mtundu wa timachubu tagalasi uja, madzi akavuta thanki n'kuuma, musalole ozizira alowe masana machubu ali phuliphuli, amatha kusweka. Dikirani madzulo kapena m'mawa. Kwa munthu wa pa lendi, giza ya sola ndi mphatso kwa alandilodi. Ndowa ndi ketulo mumasamuka nazo.

Ndipatukeko pang'ono. Madzi ambiri a mu mzinda uno amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo Blantyre Water Board imachita kuwakankha ndi mapampu a magetsi kukwera mtunda wonse uja kuti adzafike kuno. Mpopi wodontha pakhomo panu ukutaya magetsi amene anapsa kale panjira, ngakhale sakuoneka pa mita yanu.

Kukhitchini

Mbale imodzi ya hot plate kapena kuka imakoka mawati 1,000 mpaka 2,000. Nsima payokha sidya kwambiri chifukwa sichedwa. Mukawiritsira madzi mu ketulo n'kuthira mu poto, mumafupikitsanso nthawi, popeza ketulo imatenthetsa madzi mwachindunji pomwe mbale ya kuka imayamba yadzitenthetsa yokha n'kutenthetsanso mpweya wa m'khitchini. Mdani weniweni ndi ndiwo zochedwa kupsa: nyemba, nkhuku ya chikuda, nyama ya ng'ombe, mang'ina. Nyemba zouma zikabwata maola atatu pa mbale yaikulu, mayunitsi atatu kapena anayi apita. N'chifukwa chake ngakhale nyumba zokhala ndi kuka, tsiku la nyemba amakoleza mbaula panja.

Njira zilipo zingapo, ndipo sizifanana. Yaulere ndi kuviika nyemba m'madzi usiku, m'mawa zimapsa msanga kwambiri. Yachiwiri, yomwe agogo athu ena ankaidziwa, ndi kuwiritsa poto mphindi 20 kapena 30, kumuphula ali chivundikirire, kumukulunga m'bulangete lakale n'kumuika mu dengu kapena mu katoni. Pakatha maola atatu kapena anayi nyemba zimakhala zafewa ndi kutentha komwe kuja. Mpunga umachitanso bwino mwa njira imeneyi.

Koma ngati pali chinthu chimodzi chomwe ndingauze banja lililonse lokhala ndi magetsi kuti lisonkherane ndalama ligule, ndi pressure cooker ya magetsi. Imakoka mawati cha m'ma 1,000, koma imayaka mphindi zochepa zoyambirira, nthunzi ikadzadza imazima n'kumangodziyatsa mwa apo ndi apo. Nyemba zimapsa ola lisanakwane, yunitsi imodzi osatha. Mayi a kunyumba kwathu poyamba ankaiopa, amvekere, "Bambo a mwana, chimenechi chidzatiphulikira." Lero ndi iwo amene amaitsuka n'kuibwezera mu katoni yake. Chofunika ndi kusamala kamphira ka pa chivundikiro, kusadzadzitsa poto, ndi kudikira nthunzi ithe musanatsegule. Magetsi akathima nyemba zili m'kati zitagwira kale nthunzi, zimapitiriza kupsa kwa kanthawi.

Chitofu cha magetsi cha mtundu wa induction chimafulumira ndipo sichitaya kutentha kwambiri, koma chimasankha mapoto. Tengani maginito: akamata kunsi kwa poto, agwira ntchito. Mapoto athu a aluminiyamu a pamsika samata, ndiye muwerengeretu mtengo wa mapoto atsopano musanasangalale ndi mtengo wa chitofucho. Amene mukhalabe pa hot plate, onani matako a mapoto anu. Poto amene wakhalitsa pa mbaula amapindika kunsi, amakhudza mbale pakati pokha, kutentha kwina n'kumangopita m'mbali. Poto wosalala kunsi, wofanana kukula ndi mbale, wovundikira, ndipo muzizimitsa ndiwo zitatsala pang'ono kupsa chifukwa chitsulo chimakhalabe chotentha. Uvuni wa kuka yaikulu usayatsidwe chifukwa cha mbatata ziwiri.

Gasi ndi mnzake wabwino wa magetsi. Amayaka nthawi yomweyo, sadikira ESCOM, ndipo madzulo magetsi akathima ana amadyabe nthawi yake. Sindinganene kuti nthawi zonse amatchipa kuposa magetsi, chifukwa mtengo wake umayendera ndalama zakunja, komanso silinda ndi regulator zimafuna ndalama yambiri poyamba. Koma monga chodalira pa nthawi ya mdima, amaposa makala.

Za makala ndilankhule mosabisa, ngakhale sindikuweruza mayi amene alibe njira ina. Kuthawa mayunitsi n'kupita ku thumba la makala kumaoneka ngati kupulumutsa, koma lembani ndalama zonse za timapepala ta makala ta tsiku ndi tsiku kwa mwezi umodzi muone. Ndipo pali ngongole ina yomwe timalipira tonse. Magetsi ambiri a dziko lino EGENCO imapangira pa Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Njinga zolemedwa ndi makala zimene timakumana nazo m'mamawa pa msewu wa Chileka ndi wa Zalewa zikuchokera m'madera a Neno ndi Mwanza, komwe madzi ake amatsikira mu Shire yemweyo. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukaliunjika pa madamu, makina n'kumaimitsidwa kuti achotse matope ndi zinyalala. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene Kapichira inaonongeka n'kuchotsa pafupifupi ma megawati 130 nthawi imodzi, mpaka kudzabwereranso mu 2023. Mtsinje umodzi ndiwo watinyamula. Amene tili ndi mwayi wa mita pakhomo, tikamaphika nyemba ndi yunitsi yosakwana imodzi m'malo mwa mbaula yodzadza, tikuthandiza thumba lathu ndi mtsinjewo nthawi imodzi.

Firiji, simbi, hita, ndi matchaja aja

Firiji siikoka mawati ambiri pa nthawi imodzi, koma sigona. Kuti mudziwe zomwe yanu imadya, lembani nambala ya pa mita pogona, zonse zitazima kupatula firiji, mudzaonenso m'mawa. Mafiriji akale ogula pa kaunjika wa katundu wakunja amatha kudya kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi atsopano a msinkhu womwewo, choncho kutchipa kwake kumathera pa tsiku logula. Musanaganize zogula ina, panani pepala pa chitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, mphira watha, ndipo kusintha mphira n'kotchipa. Isunthireni kutali ndi kuka ndi dzuwa la pa windo, musiye mpata kumbuyo, musungunule madzi oundana akachindikala, ndipo ndiwo zizizizira kaye musanalowetse. Amene mumagulitsa mafiziizi kapena nkhuku, firiza yotsegula pamwamba imasunga kuzizira bwino kuposa yoimirira, ndipo ikakhala yodzadza imapirira maola ambiri magetsi atathima. Mipata yotsala ikani mabotolo a madzi.

Simbi ndi mawati 1,000 mpaka 2,000. Kusita malaya amodzi m'mawa uliwonse kumatanthauza kuitenthetsa kasanu pa sabata. Sitani zonse kamodzi Loweruka masana, muyambe ndi zofuna moto wochepa, zomaliza musite mutazula kale.

Hita ya mawati 2,000 ikamayaka maola 4 usiku uliwonse m'mwezi wa Julayi ndi mayunitsi 248. Bulangete lowonjezera, botolo la madzi otentha kumapazi ndi chiguduli chotsekera mpata wa pansi pa chitseko zimagwira ntchito yaikulu. Hita isungireni khanda kapena wodwala, m'chipinda chimodzi chotseka. Mbaula ya makala yokha musagone nayo m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wake sununkha, umangopha.

Foni imodzi kuitchaja tsiku lililonse chaka chathunthu sikutha ngakhale mayunitsi 10. Dikoda yosiyidwa yoyaka usana ndi usiku ndiye imatha kudya mayunitsi 7 pa mwezi, muziithimitsa pakhoma pogona. Koma anawo apumeko.

Ku ofesi, komwe bilu ilibe mwini

Kunyumba mita ikalira aliyense amamva. Ku ofesi bilu imapita kwa akauntanti, ena onse sadziwa n'komwe kuti ndi zingati. Pa ofesi ina yomwe ndinkagwirako ntchito cha ku Ginnery Corner, tinayesa njira yomwe ija ya kope: kulemba nambala ya pa mita Lachisanu poweruka, kulembanso Lolemba polowa. Nyumba yopanda munthu inali itadya mayunitsi ochititsa mantha. Ndinapita kwa alonda athu, bambo achikulire ndithu, kukafunsa ngati amaona chachilendo. Anati, "Bwana, chimakina cha m'chipinda cha misonkhano chija chimalira usiku wonse. Ndimachimva, koma kiyi ndilibe." Aircon inkasiyidwa yoyaka msonkhano wa Lachisanu ukatha. Kuchoka 5 koloko Lachisanu kufika 8 koloko Lolemba ndi maola 63. Palibe amene anali atawafunsapo bambowo.

Choncho njira yoyamba ku ntchito ndi yosagula: kupatsa munthu mmodzi udindo ndi mphamvu zoyendera zipinda poweruka, ndi kumvera alonda ndi osesa, chifukwa ndi amene amaona nyumbayo ife titachoka. Timapepala tomata pakhoma toti "zimitsani magetsi" timawerengedwa sabata yoyamba yokha. Chomwe ndinaona chikugwira ntchito ndi kulemba mayunitsi a sabata iliyonse pa bolodi pomwe aliyense amadutsa.

Pa zipangizo, aircon ndiye giza ya mu ofesi. Ya chipinda chimodzi imakoka mawati opitirira 1,000, pomwe fani imakoka 50 kapena 70. Kuno si ku Nsanje kapena ku Chikwawa, tili pamtunda, ndipo miyezi yambiri windo lotsegula ndi fani zimakwana. Mu Okotobala ndi Novembala kukatentha zenizeni, yatsani, koma ikani pa 24, mutseke mawindo ndi zitseko, mukoke makatani mbali yomwe kukuwomba dzuwa, ndipo masefa ake azitsukidwa. Kuika pa 16 sikufulumizitsa kuzizira, kumangopangitsa makinawo kusapuma, anthu n'kumavala majuzi kunja kuli ng'aning'ani. Pogula yatsopano, ya mtundu wa inverter imadula koma imadya pang'ono ngati iziyaka maola ambiri.

Chimketulo chachikulu cha tiyi chomwe chimabwata kuyambira m'mawa mpaka madzulo chilowedwe m'malo ndi mafulasiki: wiritsani kawiri pa tsiku, thirani, zimitsani. Kompyuta ya pa tebulo ndi sikirini yake imadya kuwirikiza katatu kapena kupitirira poyerekeza ndi laputopu, ndipo laputopu sitaya ntchito magetsi akathima. Sindikuti mutaye zomwe muli nazo, koma ikafika nthawi yosintha, ganizirani zimenezo. Machubu aatali a mawati 36 ali ndi olowa m'malo a LED odya theka lake. Magetsi a pa mpanda ndiye osachedwa nawo: limodzi lakale la halogen la mawati 500 loyaka maola 12 ndi mayunitsi 180 pa mwezi, la LED la mawati 50 ndi 18. Muikirenso kachipangizo kozimitsa kokha kukacha, chifukwa mukayenda m'tauni 9 koloko m'mawa mupeza ambiri akuyakabe.

Zigayo, magalaja ndi mafakitale

Ku Makata ndi ku Chirimba nkhani imasintha, chifukwa wodya wamkulu ndi mota. Pa chigayo, nyundo zikatha kapena sefa ikatsekeka, thumba lomwelo limatenga nthawi yaitali, mota ikukoka mphamvu zonse. Lamba wolefuka amaterereka, n'kusandutsa mayunitsi kukhala kutentha ndi phokoso. Chigayo chomangolira chopanda chimanga podikira kasitomala chikugaya ndalama za mwini wake. Mota yopsa yomwe yakulungidwanso kangapo nthawi zambiri sibwerera mwakale, choncho ikapsa kachitatu yerekezani mtengo wokulunga ndi wogula ina yolingana ndi ntchitoyo. M'magalaja ndi mopentera, yendani Loweruka kuli zii compressor ili yodzadza, mumvetsere. Paliponse pakumveka tsiii ndi pobowoka, ndipo makinawo amadziyatsa kuti adzadze mpweya umene ukungothawa.

Makampani akuluakulu salipira mayunitsi okha. Pa bilu pamakhalanso mzere wa kVA, womwe umayendera nthawi imene fakitale inakoka mphamvu zambiri m'mwezi umenewo. Kuyendetsa makina onse akuluakulu nthawi imodzi, ngakhale kwa kanthawi, kumakweza mzere umenewu mwezi wonse. Kusinthanitsa nthawi ya makina sikulira ndalama. Ma capacitor, zipangizo zothandiza kuti mamota asamakweze kwambiri kVA, amalira ndalama, koma pomwe pali mamota ambiri amabweza okha. Funsaninso ku ESCOM gulu la mitengo lomwe muli, ndi ngati ntchito ina ingatchipe mutaisamutsira maola omwe anthu sakukoka kwambiri. M'mashedi a mdima, malata angapo olowetsa kuwala amazimitsa mababu tsiku lonse.

Inveta, jenereta, mapanelo

Zitatuzi anthu amaziika m'thumba limodzi, koma ntchito zake n'zosiyana. Inveta ndi mabatire opanda mapanelo sizipulumutsa yunitsi ngakhale imodzi. Zimasunga magetsi a ESCOM kuti mugwiritse ntchito kukada, ndipo posunga ndi potulutsa ena amatayika, makamaka pa mabatire a asidi. Bilu imakwera. Mukugula kuwala pa nthawi ya mdima, ndipo ndi chinthu chabwino ngati mukudziwa kuti ndi chimene mukugula. Jenereta ndiye yunitsi yake imadula kuwirikiza kangapo kuposa ya ESCOM, osawerengera mizere ya pa filling station. Ndi yopulumutsira nyama mu butchala kapena ntchito ya kasitomala, osati yochepetsera bilu.

Mapanelo okha ndi amene amabweretsa mayunitsi atsopano. Limodzi la mawati 400 limapereka yunitsi imodzi ndi theka kapena kupitirirapo pa tsiku la dzuwa labwino. Liyang'ane kumpoto, lipendekeke pang'ono, ndipo m'miyezi ya fumbi muzilipukuta. Ofesi, shopu ndi sukulu zimapindula msanga kuposa nyumba, chifukwa zimagwira ntchito dzuwa lili pamutu ndipo sizifuna mabatire ambiri, omwe ndi mbali yodula ndi yotha msanga. Kulakwitsa komwe ndimakuona kawirikawiri ndi kuitana wa sola mababu akadali akale, firiji ikadali ya mphira wakutha. Amakuwerengerani mapanelo ndi mabatire odyetsa kuononga konseko. Yambani mwatsitsa zomwe nyumba imakoka, kenako muyeze sola ya zotsalazo. Ketulo, simbi ndi giza zisakhale pa inveta.

Mita imodzi, mabanja anayi

Zonsezi zimavuta pomwe nyumba zingapo za lendi zikugawana mita, monga zilili m'mapuloti ambiri ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa. Aliyense amasonkha mofanana, ndiye amene ali ndi babu ndi wailesi yokha amalipirira mnzake wa hot plate ndi hita. Wosamala amatopa, n'kuyamba naye kuononga. Ena amaletsa kuphikira magetsi, koma usiku zitseko zikatsekedwa kagetsi kofiira kaja kamathamanga, m'mawa n'kumalozana zala.

Mlamu wanga ku Zingwangwa anakhala m'phokoso lotere chaka chathunthu. Kulumikiza mozembera mita, komwe wina anabwera nako ngati nzeru, anakana: ndi mlandu, ndipo mawaya otere ndi amene amayatsa nyumba. M'malo mwake anamemeza anzake n'kupita kwa alandilodi. "Mayi, tikupempha timamita ting'onoting'ono, khomo lililonse kake. Tisonkha tokha, inu mungotiloleza wamagetsi wovomerezeka adzaike." Mita yaikulu ya ESCOM inakhala momwemo, timamitato timangowerenga zomwe khomo lililonse lakoka. Pa 1 mwezi uliwonse amayenda limodzi ndi kope khomo ndi khomo, aliyense n'kusonkha molingana ndi nambala yake. Mwezi wachiwiri, mnyamata wa khomo lakumapeto amene ankati saphikira magetsi anabwera yekha kudzafunsa komwe mlamuyo anagula pressure cooker yake.